Utoto wa makandulo: ufa wochepa, moto wosazima

Kwa Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza, kandulo sinapume pantchito. Matochi ndi nyali za sola zafika ndithu, koma batire likatha mwana wasukulu amawerengera pa kandulo, ndipo pamaliro, paukwati ndi kutchalitchi imafunikabe. Midzi yambiri mawaya a magetsi a ZESCO sanafikeko, pomwe a pa boma amene ali nawo anadzionera okha mu 2024: chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi anayamba kuzimitsidwa maola 8 pa tsiku m'mwezi wa Malichi, ndipo chakumapeto kwa chaka ankangobwera kwa maola owerengeka.

Amene ayamba kupanga makandulo pakhomo, kaya ndi gulu la amayi akumpingo kaya mlimi wa njuchi amene watopa n'kutaya phula, sachedwa kufika pa nkhani ya mtundu. Yoyera aliyense amaipeza kugolosale. Yofiira kapena yobiriwira ndiyo imaimitsa munthu pamsika. Mafunso otsatirawa ndi a utoto waufa, uja wamphamvu kwambiri wobwera m'timapaketi ting'onoting'ono.

Ndili ndi utoto wonyikira nsalu ndi wina wothira m'makeke. Ndingathire umenewu?

Musautaye pachabe. Phula ndi m'bale wake wa mafuta, ndiye siligwirizana ndi madzi, pomwe utoto wa nsalu ndi wa zakudya anaupanga kuti uzisungunuka m'madzi. Mukauthira m'phula umangomira n'kukasonkhana pansi pa chitini, phula lili loyera chiyerere. Ukakhala wamadzimadzi ndiye zimaipiratu, chifukwa timadontho totsekeredwa m'kandulo timathetheka moto ukatifika.

Wofunika ndi utoto wosungunuka m'mafuta. Pa paketi yake pamalembedwa candle dye, oil soluble kapena solvent dye. Ngati wogulitsa anachita kukupimirani m'kapulasitiki kopanda dzina, muuyese musanauthire m'phula: tapani pang'ono ndi nsonga ya machesi, muike m'supuni ya mafuta ophikira otenthetsa, wina muike m'madzi. Wabwino umasintha mtundu wa mafuta onse, mafutawo n'kukhalabe oonekera, opanda nsenga pansi, pomwe m'madzi umangoyandama.

Nanga red oxide amene timathira popanga kobra? Makrayoni a ana bwanji? Zonsezi zimalowerera m'phula bwinobwino.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna, ndipo sitingawanene, poti maso amawapusitsa. Ufa wopatsa mtundu ulipo wa magulu awiri. Wina umasungunukiratu n'kusowa, monga achitira shuga m'tiyi. Wina susungunuka ngakhale mutakase mpaka dzanja kuwawa. Tizidutswa take timangoyandama m'phula, koma n'tating'ono kwambiri moti phulalo limaoneka lofiira bwino lomwe. Red oxide ali m'gulu lachiwirili, pakuti kwenikweni ndi dzimbiri la chitsulo loperedwa. Momwemonso mtundu wa m'makrayoni, makala opera, mwaye, ndi ufa wonyezimira uja wotchedwa mica.

Mu kobra palibe vuto chifukwa kobra timapaka pansi, sitiyatsa. Pa kandulo ntchito yaikulu ili pa chingwe. Moto umasungunula phula, chingwe chimaliyamwa n'kulikweza kudzera m'timipata ta pakati pa ulusi, likafika pamwamba limasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ndiyo imayaka. Michael Faraday anafotokozera achinyamata zimenezi ku London m'maphunziro ake amene anatuluka ngati buku mu 1861, ndipo kandulo ya kwa Zingalume imayaka mwa njira yomweyo. Tsono ufa wosasungunuka uja umakwera limodzi ndi phula n'kukatsekera m'timipatamo. Kandulo imayamba bwino. Pakapita kanthawi moto umafupika, kunsonga kwa chingwe kumachita kachibuluma kakuda, kenaka phethiphethi, n'kuthima yokha m'kadziwe ka phula. Wogula sabwera kudzadandaula. Amangosiya kugula kwa inu, n'kukauzako anzake kuchitsime.

Ndithire wochuluka bwanji? Supuni imodzi pa kilogalamu?

Supuni yakula kwambiri. Utoto waufa wa makandulo ndi wamphamvu moti galamu imodzi ikhoza kukwanira makilogalamu 2 a phula, mwinanso kuposa, malinga ndi mtundu umene mukufuna ndi fakitale imene inaupanga. Mukapyoza muyeso, ngakhale utoto woyenerawu umalemetsa chingwe, kandulo imafuka utsi ndipo imathimbirira manja a woigwira.

Chovuta n'chakuti sikelo zambiri za pakhomo siziwerenga theka la galamu, komanso kansonga ka mpeni ka lero sikafanana ndi ka mawa. Makandulo a Lolemba amatuluka ofiira piriwiri, a Lachinayi otuwa, wogula n'kumafunsa ngati ndi a munthu mmodzi. Njira yake ndi kupangiratu timabuloko ta utoto. Pimani magalamu 5 a ufa, muwasungunule m'magalamu 495 a phula. Thirani m'mbale yosazama, ndipo phula likayamba kugwirana mulidule zigawo 10 zofanana. Chigawo chilichonse chikulemera magalamu 50, ndipo m'kati mwake muli theka la galamu ya utoto. Kuyambira pamenepo simupimanso ufa, mumangowerenga zigawo.

Pa kilogalamu imodzi ya phula loyera yambani ndi theka la chigawo, muone. Kuwonjezera n'kosavuta. Kuchepetsa kumafuna phula lina loyera, limene mwina mulibe ndipo likuchokera kutali. Zimene zakukomerani lembani m'kope: phula lochuluka chonchi, zigawo zingapo, zamtundu uwu. Mutu umaiwala, makamaka pakadutsa nyengo yolima.

Makandulo anga akutuluka ndi timadontho takuda, makamaka chakumunsi. Ndikulakwitsa pati?

Ufa sunasungunuke wonse. Kawirikawiri chifukwa chake ndi kuuthira m'chitini chodzaza phula longosungunuka kumene. Phula logula, lochokera ku mafuta a m'nthaka, limasungunuka pakati pa madigiri 46 ndi 68, koma utoto waufa umafuna kutentha koposa pamenepo, cha m'ma 80 mpaka 90, ndi kutakasa kosatopa.

Muusungunule padera poyamba, m'kachitini kakang'ono. Chabwino koposa chosungunuliramo ndi stearin, timibulu toyera togulitsidwa limodzi ndi phula. Mfalansa wina, Michel Eugène Chevreul, ndiye anazindikira mankhwalawa m'mafuta a nyama zaka 200 zapitazo, ndipo lero ambiri amachokera ku mafuta a kanjedza. Utoto umalowerera msanga mu stearin wotentha. Komanso stearin amalimbitsa kandulo kuti isapindike pa kutentha kwa mu Okutobala, amaithandiza kutuluka mosavuta m'chikombole chachitsulo, ndipo mtundu umaoneka wokhuta. Muyeso wofala ndi magalamu 100 a stearin pa magalamu 900 a phula. Zikombole zalabala zokha ndizo sizigwirizana naye, amazidya. Ngati stearin palibe, tengani phula lomwelo pang'ono, mulitenthetse bwino, musungunuliremo utoto, kenaka muthire m'chitini chachikulu kudzera pa kansalu kopyapyala kosefera.

Kuti mudziwe ngati wasungunuka, viikani kapepala koyera n'kukayang'ana padzuwa. Mukaona timadontho, takasanibe. Koma chonde, palafini wa m'koloboyi kapena petulo asayandikire. Ena amaganiza kuti poti mu kobra timathira palafini, ndiye kuti angathandizenso kusungunula utoto wa kandulo. Amasungunuladi, koma mwapanga chinthu chimene chingayake chonse nthawi imodzi m'nyumba ya munthu.

M'chitini linali lofiira bwino, koma litauma latuwa. Utoto ndi wabodza?

Nthawi zambiri utoto ulibe mlandu. Phula losungunuka ndi loonekera, ndiye mtundu umaoneka wozama. Likauma limayera mwa ilo lokha, ndipo kuyerako kumasungunula mtundu. Musaweruze muli m'chitini. Thirani pang'ono m'chotsekera cha botolo, chizizire, muone kunja kukuwala. Dontho la pambale limanamiza chifukwa n'lopyapyala. Ndipo mtundu weniweni wa kandulo yaikulu mudzauona mawa lake.

Ife tili ndi ming'oma. Phula la njuchi limalandira utoto chimodzimodzi?

Limalandira, koma limabwera ndi mtundu wakewake, ndipo mtunduwo suchoka chifukwa choti mwathira wina. Phula la njuchi ndi lachikasu, ndiye mukathira buluu mupeza wobiriwira, mukathira wofiira pang'ono mupeza wonga lalanje, mukafuna pepo mupeza wathope. Yofiira kwambiri, yobiriwira ndi yakhofi imatuluka bwino. Pinki ndi buluu woyera musavutike nazo pokhapokha phula mutaliyeretsa.

Kuyera kwa phula kumayambira pofula. Zisa zatsopano zimapereka phula lowala, zakale zimene munali ana a njuchi zimapereka lakuda, ndiye musaziphatikize. Mukafinya uchi, mangani zisa m'kathumba ka nsalu, mukamize m'madzi otentha, makamaka amvula. Phula limatuluka n'kuyandama, ndipo likazizira mumalichotsa lili chimbale, n'kupala zinyalala za kunsi kwake. Poto akhale wa aluminiyamu kapena wa enamelo, chifukwa chitsulo cha dzimbiri, mkuwa ndi malata zimadetsa phula. Limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndipo likapitirira 85 limayamba kuda, choncho utoto musungunulire padera m'phula lochepa, lambirilo lisapse. Wofuna loyererako alipale tizidutswa topyapyala n'kuyanika padzuwa masiku ambiri, akuwaza madzi kuti lisasungunuke. Kumbukiraninso kuti phula la njuchi limafuna chingwe chonenepa kuposa cha phula logula.

Maganizo anga ndi akuti phula la njuchi loyera bwino lisiyeni momwe lilili. Njuchi zimadya makilogalamu 6 mpaka 8 a uchi kuti zipange kilogalamu imodzi ya phula, ndipo chikasu chake ndi kafungo kake ka uchi ndi zimene wogula wozindikira amalipira. Kuno kuchigawo cha kum'mawa alimi ambiri analowa ulimi wa njuchi kudzera ku COMACO, imene imagula uchi n'kumaugulitsa pa dzina la It's Wild, koma m'midzi yambiri zisa zikafinyidwa zimatayidwabe kudzala. Utoto usungireni phula lakuda lija la zisa zakale, limene palokha silikopa maso.

Bwanji osangogwiritsa ntchito zomera zathu, monga lumanda kapena makungwa amene timanyikira mlaza?

Vuto ndi lomwe lija la utoto wa nsalu. Kufiira kwa lumanda, amene ena amati chidede, kumatuluka m'madzi, ndipo makungwa onyikira mlaza nawonso timachita kuwiritsa m'madzi. M'phula sizilowa. Zimene zimapereka mtundu m'mafuta n'zochepa, monga turmeric ndi paprika: mumazimanga m'kansalu, kansaluko n'kukhala m'phula lotentha kwa maola angapo, ufa wake osatulukamo. Mtundu wake umakhala wofatsa ndipo suchedwa kufwifwa padzuwa. Kuyesera pakhomo n'kosangalatsa, koma oda ya ukwati musaidalire pamenepo.

Utoto ndi wodula ndipo umachokera kutali. Palibe njira youchepetsa?

Ilipo, ndipo ndi imene ndimaikonda koposa zonse. Thyolani kandulo yaitali yamtundu ya kusitolo, nthawi zambiri mupeza kuti m'kati ndi yoyera. Mtundu uli pakhungu pokha. Amapanga kandulo yoyera, kenaka amaiviika m'phula lamtundu.

Inunso mungatero. Pezani chitini chachitali kuposa kandulo, musungunuliremo phula lokhala ndi utoto wochulukirapo kuposa wa nthawi zonse, litenthe cha m'ma 70 mpaka 80. Gwirani kandulo kuchingwe, muimize yonse kamodzi n'kuitulutsa osachedwa, idikire pang'ono, mubwerezenso kawiri kapena katatu mpaka mtundu ukhute. Phula likatentha kwambiri khungu limapyapyala ndipo kandulo imayamba kusungunuka, likazizira limachita mabamphu. Pomaliza muiviike m'ndowa ya madzi ozizira kuti inyezimire. Chitini chimodzi chimaveka makandulo ambirimbiri, ndipo chingwe chimamwa phula loyera, ndiye moto umakhala wowala. M'njira imeneyi ngakhale ufa wosasungunuka uja ungagwire ntchito, bola khungu likhale lopyapyala ndipo muzitakasa pafupipafupi kuti usakhale pansi. Mafakitale amagwiritsa ntchito ufa wotere poviika chifukwa sufwifwa msanga.

Taganizani za makandulo a pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu wa dziko lathu, a mitundu ya mbendera: wobiriwira, wofiira, wakuda ndi walalanje. Walalanje ndi wachikasu wothira wofiira pang'ono, wobiriwira ndi wachikasu ndi buluu. Wakuda ndiwo mutu waukulu. Kuti phula loyera lide bii mpaka m'kati pamafunika utoto wambiri zedi, ukachepa limangotuwa, ukachuluka chingwe chimatsamwa. Kandulo yakuda ndi yoviika basi.

Chimodzimodzi makandulo a Adiventi m'matchalitchi a Katolika, atatu apepo ndi imodzi yapinki. Pinki ndi wofiira wochepetsetsa m'phula loyera. Pepo ndi wofiira ndi buluu, ndipo buluu muziwonjezera pang'onopang'ono chifukwa amaposa mnzake mphamvu. Mtundu wapepowu uli ndi mbiri yotikhudza: mu 1856 mnyamata wa zaka 18 wa ku London, William Henry Perkin, ankayesa kupanga kwinini wochizira malungo, n'kutulukira utoto wapepo m'malo mwake. Kwininiyo sanamupeze, koma mafakitale a utoto wopanga ndi mankhwala anayambira pamenepo.

Zotsalira za makandulo akutchalitchi ndingazisungunule pamodzi?

Zisankheni potsata mitundu, mudule zingwe zopsa, musefe. Mukaphatikiza zonse mupeza mtundu wathope, umene ntchito yake ndi kukhala m'kati mwa kandulo yoviika m'mtundu wakuda kapena wakhofi.

Kandulo yobiriwira idzayaka moto wobiriwira?

Iyayi. Chikasu cha lawi chimachokera ku tizidutswa ta mwaye totentha kwambiri m'kati mwa lawilo, ndipo utoto umangopsa limodzi ndi phula. Musalonjeze wogula zimenezo.

Ndinayala makandulo pamsika, mbali imodzi yafwifwa, ndipo ofiira adetsa oyera. Chachitika n'chiyani?

Zachitika ziwiri. Choyamba ndi dzuwa, limene limaphwanya utoto wosungunukawu, ndipo mitundu yofatsa monga pinki ndiyo imaonekera msanga. Amene mukukonzekera kukagulitsa ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, kumene thebulo limakhala padzuwa tsiku lonse, muyale ochepa oonetsera, ambiri akhale m'katoni pamthunzi.

Chachiwiri n'chakuti utoto wosungunuka umayendabe ngakhale phula litauma. Umalowa m'pepala, m'pulasitiki ndi m'kandulo yoyandikana nayo, makamaka kukatentha kapena mukauchulutsa. Mtundu uliwonse ukhale m'mtolo wake, ndipo oyera akhale m'katoni yawoyawo.

Ufa umenewu ndi woopsa? Ndingagwiritse ntchito poto wa ndiwo n'kumutsuka?

Poto, supuni ndi mthiko za ntchito imeneyi zisabwererenso kukhitchini. Mitundu ina ya utoto wofiira wa m'phula ndi m'mafuta ndi ya m'gulu lotchedwa Sudan, limene n'loletsedwa m'zakudya chifukwa likuganiziridwa kuti lingayambitse khansa. Mu 2005 ku Britain anachotsa m'masitolo mitundu mazanamazana ya zakudya atapeza utoto wa Sudan I mu ufa wa tsabola umene unalowa m'zakudyazo. M'kandulo, pa muyeso wochepa uja, ndi m'malo mwake. M'mimba ndi m'mapapo ayi. Ufawu ndi wopepuka, kamphepo pang'ono wafika kale m'mphuno ndi pa chitenje. Potsegula paketi valani chophimba kukamwa ndi mphuno, m'manja muvale magolovesi kapena timapulasitiki, pansi muyale nyuzipepala. Muusunge m'botolo lotseka, lolembedwa dzina, patali ndi ana komanso ndi zokometsera ndiwo, pakuti wofiira amafanana ndi tsabola wopera.

Ngozi yaikulu kuposa utoto ndi moto. Chitini cha phula chisakhale pa makala mwachindunji. Ikani poto wa madzi pa mbaula, m'kati mwake timiyala titatu, chitini chikhale pa timiyalapo. Madzi owira sapitirira madigiri 100, pomwe phula limagwira moto likayandikira 200, ndiye malinga ngati madzi sanaphwe muli pabwino. Phula likayamba kufuka utsi, phulani msanga. Likayaka musathire madzi, chifukwa amaphulika n'kumwaza phula loyaka paliponse. Vundikirani ndi chivundikiro, ndipo ndowa ya mchenga ikhale pafupi. Ntchito yonseyi ichitikire pabwalo, kutali ndi denga la udzu ndi nkhokwe.

Ndingaupeze kuti, ndipo ndingadziwe bwanji kuti makandulo anga afika pogulitsa?

Si katundu wa pakantemba. Tumani amene amakaoda katundu ku Chipata, ku Lusaka kapena ku Lilongwe, akafunse kwa ogulitsa zipangizo zopangira sopo, polishi ndi makandulo. Alembereni papepala mawu aja a pa paketi, chifukwa akangonena kuti utoto wofiira adzabwera ndi wa nsalu kapena red oxide. Poyamba gulani mitundu itatu yokha, wofiira, wachikasu ndi buluu, magalamu ochepa uliwonse. Gulu la anthu angapo likhoza kusonkherana, mmodzi n'kupanga timabuloko tija n'kugawira anzake.

Musanatengere kumsika, yatsani kandulo imodzi ya pa mtanda uliwonse pambali pa yoyera ya phula lomwelo ndi chingwe chomwecho, pamalo opanda mphepo, ziyake mpaka theka. Lawi la yamtundu likafupika kuposa la yoyera, kapena kunsonga kwa chingwe kukachita kachibuluma, utoto wachuluka kapena ndi wosasungunuka. Chepetsani zigawo, kapena yesani chingwe chonenepako pang'ono, muyatsenso ina. Pakaninso kandulo yozizira pa kansalu koyera: ikasiya mtundu, sungunulani mtandawo muwonjezere phula loyera.